Akakuvulazani Dala, Alipire Ndani?

Mu wodi ya odwala mafupa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu Central ku Lilongwe, si zachilendo kupeza anthu awiri atagona pa mabedi oyandikana, onse mwendo uli m'chikhakha. Wina anagundidwa ndi minibasi akuwoloka msewu. Winayo anamenyedwa ndi mpini wa khasu pa mkangano wa malire a munda. Fupa lothyoka ndi lomwelo, ululu ndi womwewo, miyezi yokhala chogona ndi yomweyo. Mutafunsa aliyense kuti pa awiriwa woyenera kulipidwa zambiri ndani, angaloze womenyedwayo, poti dalaivala sanafune pamene wa mpini uja anachita kufuna. Koma kawirikawiri amene amadzaona ndalama ndi wa minibasi uja.

Chifukwa chake n'chosavuta. Lamulo la pamsewu limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi inshulansi yolipira anthu amene galimoto yakeyo ingawavulaze. Choncho kumbuyo kwa dalaivala, ngakhale akhale wosauka chotani, kuli kampani yokhala ndi ndalama ku banki. Kumbuyo kwa munthu wa mpini kulibe aliyense. Kampani ya inshulansi silonjeza kulipirira munthu zimene wachita dala. Ikanamatero, bwenzi anthu akugula chilolezo chomenyera anzawo. N'chifukwa chake maloya ambiri amaikonda milandu ya ngozi zapamsewu, koma mukawafotokozera za kumenyedwa, akangomva za bala lanu amafulumira kufunsa kuti, "Nanga wokumenyaniyo ali ndi chiyani?" Funsoli limawawa kulimva muli ndi zilonda, koma loya wosalifunsa ndiye woyenera kumuopa.

Mlandu wa boma ndi mlandu wanu

Munthu akakumenyani walakwira awiri: inu ndi dziko. Malamulo amene tinatengera ku England, kuyambira mu 1902 pamene khoti lalikulu linakhazikitsidwa dziko lino likutchedwabe British Central Africa, amasiyanitsa zolakwa ziwirizi, ndipo chilichonse chili ndi njira yakeyake.

Mukakadandaula kupolisi, mlandu umachoka m'manja mwanu. Pa chikalata cha kukhoti pamalembedwa kuti boma likuimba mlandu uje, ndipo inu mumasanduka mboni chabe, ngakhale magazi amene anatayika ndi anu. Cholinga cha mlandu wotere ndi kulanga. Buku la malamulo a milandu yaupandu, Penal Code, limayeza chilango potengera kukula kwa bala. Kumenya kosasiya bala, pa gawo 253, chilango chake sichipitirira chaka chimodzi. Kukasiya bala, gawo 254 limafikitsa pa zaka 5. Kutema kapena kubaya kuli pa gawo 241, zaka 7, ndipo kuvulaza koopsa, monga kuthyola fupa lalikulu kapena kuboola diso, kuli pa gawo 238, zaka 14. Boma likatsimikiza kuti munthuyo ankafunadi kukulumalitsani, gawo 235 limalola ngakhale ndende ya moyo wonse.

Anthu ambiri amatuluka m'khoti atamva kuti wowavulaza wapita ku Chichiri kapena ku Maula, n'kumadikira kunyumba kuti tsiku lina adzaitanidwa kukalandira kanthu. Saitanidwa. Ngakhale chindapusa chimene khoti lagamula chimalowa m'thumba la boma, pokhapokha woweruza atanena momveka kuti ndalama yakuti ipite kwa wodandaula. Mphamvu imeneyo woweruza ali nayo: gawo 32 la buku lomweli limati munthu wopezeka wolakwa angathe kulamulidwa kulipira amene wamuvulaza, powonjezera pa chilango kapena m'malo mwa chilango. Vuto ndi lakuti wapolisi woimira boma pa mlandu amakhala ndi mafayilo ambiri pa tsiku limodzi, ndipo maso ake ali pa kupeza munthu wolakwa, osati pa ndalama zimene munawononga ku famase. Ngati simumuuza tsiku la chigamulo lisanafike, n'kumupatsa malisiti, nkhani ya chipukutamisozi imatha osatchulidwa n'komwe. Njira imeneyi ndi yotchipa kuposa zonse, poti simulipira loya, koma ndalama zake zimakhala zochepa. Komanso munthu amene wapita kundende salima ndipo salandira malipiro. Nthawi zina wodandaula amayenera kudzifunsa moona mtima chimene akufuna kwambiri, kumuona mnzakeyo atavala yunifolomu ya kundende kapena kupeza ndalama ya mankhwala. Kupeza zonse ziwiri kumachitika, koma si kawirikawiri.

Pa milandu ing'onoing'ono ya kumenyana, lamulo limalola majisitireti kulimbikitsa mbali ziwiri kuti zigwirizane, wolakwa alipire, mlandu utsekedwe khoti likuona. Pa nkhanza za m'banja palinso lamulo la 2006, limene limalola khoti, popereka chiletso choteteza wochitiridwa nkhanza, kulamulanso wankhanzayo kubweza ndalama zimene mnzake wataya chifukwa cha nkhanzazo. Amayi ambiri amalidziwa lamuloli ngati loletsa mwamuna kufika pakhomo basi, osadziwa kuti lili ndi mbali imeneyi.

Pabwalo la mfumu

Tisanapite patali ndi makhoti, tivomereze kuti milandu yambiri ya kumenyana m'dziko muno imathera pansi pa mtengo, pamaso pa nyakwawa kapena gulupu. Anthu ophunzira amakonda kulinyoza bwalo limeneli, koma pa funso lakuti alipire ndani, makolo athu anali ndi yankho limene khoti lilibe. Pachikhalidwe, mlandu sugwera munthu mmodzi. Mnyamata akatema mnzake kumowa, amene amaitanidwa kudzakhala pabwalo ndi mwinimbumba, malume ake, ndipo mbuzi yolipira imatuluka m'khola la banja. Mnyamatayo angakhale alibe ngakhale nkhuku, koma mbumba yake ili nazo, ndipo imalipira chifukwa mawa idzafuna kutunga madzi pa mjigo womwewo ndi kuikidwa maliro ndi anthu omwewo. Kukhoti zimenezi kulibe. Bambo sangagamulidwe kulipira chifukwa choti mwana wake wamkulu wavulaza munthu, ndipo masherifu sangagwire ng'ombe ya malume pa mlandu wa mphwake.

Komabe bwalo la mfumu lili ndi malire ake, ndipo ndi aakulu. Cholinga chake n'chakuti anthu apitirize kukhalira limodzi, choncho chimene chimaperekedwa chimakhala chopepesera, osati chobwezera zimene zatayika. Mbuzi ziwiri zingatonthoze mtima wa munthu womenyedwa khofi pagulu, koma sizingadyetse banja la kalipentala amene dzanja lake lamanja lafa. Wofooka pamudzi, makamaka mayi wokwatiwa kumudzi kwa eni kapena gogo wonamiziridwa ufiti, amaumirizidwa kulandira chilichonse kuti "nkhani ithe". Ndipo wolakwa akakana kupereka zimene analonjeza, mfumu ilibe masherifu. Milandu ikuluikulu, monga kugwiririra, kuvulaza mwana, kutema ndi chikwanje, si ya pabwalo ayi. Ndi ya boma, ndipo mbuzi siichotsa m'manja mwa apolisi.

Ngati mwasankha kugwirizana, kaya kwa mfumu kaya m'chipinda cha kupolisi, pali zinthu ziwiri zoti musaziphonye. Pangano lilembedwe, ndalama ndi masiku olipira zitchulidwe, mboni zisainire. Chachiwiri, musasainire mawu akuti simudzafunanso kanthu pamene bala lisanaonetse mapeto ake. Kuvulala kwa m'mutu, kwa diso ndi kwa msana kumabisala. Munthu amaoneka ngati wachira, pakapita miyezi n'kuyamba kugwa khunyu kapena kuona mwachimbuuzi. Abale a wolakwa amafika msanga ndi envulopu, inu mukadali pa bedi, chifukwa akudziwa kuti mtengo wa bala umakwera likamadziwika bwino.

Kusuma nokha

Njira imene ingabweretse ndalama yolingana ndi kuvulala ndi yakuti inuyo mum'sumire munthuyo pa mlandu wofuna chipukutamisozi. Pano mwini mlandu ndinu. Simufunika kudikira kuti apolisi am'mange, ndipo ngakhale khoti litam'masula pa mlandu waupandu, khomo ili silitsekeka. Chifukwa chake chili pa muyeso wa umboni. Kuti munthu amangidwe, woweruza ayenera kukhutira popanda chikayiko chomveka. Kuti alipire, n'zokwanira kuti nkhani yanu ioneke yoona kuposa yake. Dziko lonse linaona kusiyana kumeneku ku America pa mlandu wa O. J. Simpson, katswiri wa masewero amene khoti linam'masula mu 1995 pa mlandu wopha anthu awiri, koma mu 1997 khoti lina linagamula kuti alipire mabanja a ophedwawo madola 33.5 miliyoni. Mabanjawo anangotolerako kachigawo kochepa ka ndalamazo, ndipo limenelo ndi phunziro lina limene tilipeza kutsogoloku.

Khoti likamawerengera chipukutamisozi, limachigawa m'mbali zingapo. Pali ndalama ya ululu ndi kuzunzika, kuyambira tsiku lomenyedwa mpaka ululu umene adokotala akuti udzapitirira. Pali ya kutaya zokoma za moyo: munthu amene ankasewera mpira, kupalasa njinga, kuvina kapena kugona ndi mkazi wake bwinobwino, tsopano sangathe. Pali ya kuwonongeka kwa maonekedwe, monga chipsera cha kumaso, mano oguluka, khutu lodulidwa. Kenaka pali ya mphamvu yopezera ndalama imene yachepa kapena kutheratu, ndipo pa munthu wachinyamata wolumala, imeneyi ndiyo imakhala yaikulu. Zonsezi zilibe mtengo wa pa sitolo. Khoti limayang'ana zimene linapereka pa mabala ofanana m'mbuyomu, n'kuganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha. Mfundo yomalizayi si yaing'ono m'dziko limene ndalama yake inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Loya amene akukupemphererani ndalama potengera chigamulo cha zaka khumi zapitazo, osachikweza, akukugulitsani motchipa.

Ndalama zimene munatulutsa m'thumba zili ndi lamulo lake louma: muzitchule chimodzichimodzi m'chikalata chosumira, ndipo mubweretse umboni wake. Mankhwala, ekisileyi, thiransipoti yopita kuchipatala, foni imene inasweka pomenyedwapo, malipiro a masiku amene munajomba kuntchito. Apa ndi pamene anthu a ntchito zodzilemba okha amagwera. Wa kabaza, mayi wogulitsa mandasi, mlimi wa tomato, onsewa amataya ndalama zenizeni, koma alibe pepala la malipiro. Kabuku kolembamo malonda, mbiri ya ndalama za pa foni ya Airtel Money kapena Mpamba, buku la banki mkhonde, kapena umboni wa wapampando wa pamsika, zimathandiza kuti woweruza asangoganizira yekha.

Pali mbali imodzi imene womenyedwa dala amaposa wa ngozi. Khoti lingathe kuwonjezera ndalama chifukwa cha chipongwe chimene chinatsagana ndi kumenyako: kuvulidwa pagulu, kumenyedwa pamaso pa ana ako, kujambulidwa n'kufalitsidwa pa WhatsApp, kapena wolakwayo kupitiriza kunyoza mlandu uli mkati. Ndipo ngati wochita nkhanzayo ndi wantchito wa boma amene wagwiritsa ntchito mphamvu zake mopondereza, khoti lingaikenso ndalama ina yolangira, kuti ena atengerepo phunziro. Mfundo imeneyi makhoti athu anaitengera pa mlandu wa ku England wa 1964 wa Rookes ndi Barnard.

Makhoti a majisitireti ali ndi malire a ndalama zimene angagamule, choncho kuvulala kwakukulu kumapita ku khoti lalikulu. Kumeneko, malinga ndi malamulo oyendetsera milandu a 2017, milandu yambiri imayamba yadutsa pa zokambirana pamaso pa jaji, kuti mwina mbali ziwiri n'kugwirizana. Zikakanika, mlandu umazengedwa, ndipo wosumiridwa akapezeka wolakwa, kawirikawiri kuwerengera ndalama kumachitika tsiku lina pamaso pa rejisitala wa khoti. Zonsezi zimatenga nthawi, nthawi zambiri zaka. Amene sangakwanitse loya wolipira angapite ku Legal Aid Bureau, imene inayamba kugwira ntchito mu 2015, ngakhale nayo maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna.

Wosumiridwa naye amabwera ndi zonena. Chachikulu n'chakuti ankadziteteza, ndipo lamulo limalola munthu kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi chiopsezo. Wokukankha sum'bwezera ndi chikwanje. Angathenso kunena kuti munavomera, monga mmene wosewera mpira amavomerera kugundana kwa m'bwalo, koma osati chibakera cha masewero atatha. Chimene anthu ambiri amachidalira, chakuti "anandiputa dala, ananditukwanira mayi anga", sichichotsa mlandu. Chingangochepetsa ndalama yowonjezera ija ya chipongwe. Kuledzera nako si chifukwa.

Sabata yoyamba, ndi zaka zitatu

Mlandu umene udzazengedwe patapita zaka ziwiri umapambanidwa kapena kuluzidwa m'masiku oyambirira. Wovulala kwambiri athamangire kuchipatala kaye. Moyo ndiwo woyamba. Koma nkhani ifike kupolisi msanga, ilembedwe, ndipo fomu imene apolisi amapereka yokadzazitsa kuchipatala ibwerere itasainidwa ndi kudindidwa. Uzani adokotala zoona, kuti munamenyedwa, ndi chiyani, ndi ndani. Amayi ambiri omenyedwa ndi amuna awo amati anagwa pa njinga, mawuwo n'kulembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo tsiku lina loya wa mwamunayo amadzawawerenga mokweza m'khoti. Jambulani mabala asanapole, sungani malaya a magazi osawachapa, lembani mayina a amene anaona pamene akadali ndi chifundo, chifukwa pakapita miyezi mboni za pamudzi zimayamba kuiwala mwadala. Mukachira, bwererani kwa dokotala akalembe lipoti lonena za chilema chotsalira. Makhoti amayang'ana kwambiri peresenti imene imalembedwa pamenepo. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo asasambe kaye ngati n'kotheka. Zipatala zikuluzikulu zili ndi malo apadera pomwe dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pabwalo la mfumu n'zoona, koma kukhoti umawola. Lamulo loika malire a nthawi yosumira, Limitation Act, limapereka zaka 6 pa milandu yambiri ya kulakwirana, koma pa milandu ya kuvulala m'thupi limadula n'kusiya zaka 3. Maloya akhala akutsutsana ngati kumenya dala kuli m'gulu la zaka 6 kapena la zaka 3. Mkangano umenewo asiyireni iwowo. Inu werengani zaka 3 kuchokera tsiku lovulazidwa. Msampha waukulu ndi kudikira kuti mlandu wa kupolisi uthe kaye. Mafayilo amasowa, woimbidwa mlandu amathawa ali pa belo, mlandu umaimitsidwa kambirimbiri, koma masiku anu osumira akuwerengedwabe. Mwana wamng'ono lamulo limam'patsa mpata wochulukirapo, koma kholo lingathe kusuma m'malo mwake nthawi yomweyo, umboni ukadali wamoyo. Ngati wovulazidwayo wamwalira, mkazi, mwamuna, ana ndi ena amene ankadalira thandizo lake angasumire chithandizo chimene ataya.

Kufufuza thumba

Tsopano tibwere ku ntchito yeniyeni ya loya wanzeru, yomwe ndi kufufuza ngati pali wina, kupatula mwini chibakera, amene lamulo lingam'gwire.

Ngati anakumenyani ali gulu, aliyense wa iwo ali ndi mlandu wa bala lonse, osati kachigawo kake kokha. Pa anthu khumi amene anamenya gogo pomunamizira ufiti, kapena mnyamata pomuganizira kuba, mungasumire mmodzi yekha amene ali ndi golosale ndi ng'ombe, iyeyo akalimbane ndi anzakewo. Amene analamula kapena kulipira anyamata kuti akamenye, nayenso ali momwemo ngakhale sanafike pamalopo.

Kenaka pali olemba ntchito. Mlonda wa kampani ya zachitetezo akakuthyolani nthiti pa geti, kapena bawunsa akakugwetsani pa masitepe a malo omwera mowa, bwana wake angalipire, ngakhale atalumbira kuti sanam'tume. Funso limene makhoti amafunsa ndi lakuti, kodi nkhanzayo ikugwirizana kwambiri ndi ntchito imene munthuyo anapatsidwa? Mu 2016 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti sitolo za Morrisons zilipire kasitomala amene wantchito wa pamalo awo omwetsera mafuta ku Birmingham anam'tukwana, kum'tsatira ku galimoto yake n'kum'menya, chifukwa kulankhula ndi makasitomala inali ntchito imene anam'lembera. Zigamulo zoterezi sizimanga majaji athu, koma amaziwerenga ndipo maloya amazigwiritsa ntchito. Mlonda yemweyo akakamenya mnzake kumowa pa tsiku lopuma, kampani ilibe nawo kanthu.

Pali njira ina imene anthu amaiwala chifukwa siyang'ana wolakwa n'komwe. Ngati munavulazidwa muli pantchito ndipo chifukwa cha ntchitoyo, monga mlonda wotemedwa ndi akuba usiku kapena wogulitsa m'sitolo wobayidwa ndi achifwamba, lamulo la chipukutamisozi cha apantchito la 2000 limaika udindo pa bwana wanu. Akubawo kaya agwidwa kaya sagwidwa, nkhaniyo imayambira ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Alonda ambiri amangopatsidwa ndalama ya thiransipoti n'kuchotsedwa ntchito, osadziwa zimenezi.

Thumba lalikulu kuposa onse ndi la boma. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amaletsa kuzunza munthu pa gawo 19, ndipo gawo 46 limapatsa khoti mphamvu yogamula chipukutamisozi kwa aliyense amene ufulu wake waphwanyidwa. Wapolisi, msilikali kapena woyang'anira ndende akavulaza munthu ali pantchito, wosumiridwa amakhala boma kudzera kwa mlangizi wake wamkulu pa zamalamulo. Chitsanzo chimene Amalawi ambiri akuchikumbukira ndi cha ku Msundwe. Pa 8 October 2019 wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi gulu la anthu pa zionetsero kumeneko, ndipo apolisi amene anatumizidwa pambuyo pake anagwiririra ndi kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kutsimikiza nkhaniyi. Bungwe la maloya aakazi, Women Lawyers Association, linatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu August 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula kuti amayi ndi atsikana 18 alipidwe. Mu 2021 khoti linaika ndalamazo pakati pa K4 miliyoni ndi K10 miliyoni kwa aliyense. Ambiri anati n'zochepa, ndipo n'zovuta kuwatsutsa. Koma taonani kuti amayiwo sanadikire kuti apolisi amene anachita zimenezi alozedwe mmodzimmodzi ndi kumangidwa kaye. Zikanatero bwenzi akudikirabe. Ku South Africa, khoti loona za malamulo aakulu linafika pa mfundo yofanana mu 2005, pa mlandu wa mayi amene anagwiriridwa ndi apolisi atatu ovala yunifolomu omwe anam'lonjeza kum'perekeza kwawo usiku.

Kusumira boma kuli ndi mwambo wake. Lamulo limafuna kuti mupereke chidziwitso cholemba kwa mlangizi wamkulu uja miyezi itatu musanasume, ndipo wodumpha sitepe imeneyi mlandu wake ungatayidwe usanamvedwe. Madandaulo okhudza apolisi angapitenso ku Independent Complaints Commission, imene lamulo la apolisi la 2010 linaikhazikitsa koma inadikira pafupifupi zaka khumi kuti itsegule zitseko. Boma silithawa ndipo silingabise katundu kwa mlamu wake, koma limalipira mochedwa, nthawi zina kwacha itagwa kale kawiri.

Chigamulo chili m'manja

Tsiku limene rejisitala watchula ndalama, anthu amaimba nthungululu pakhonde la khoti. Koma khoti silitsegula kabati n'kukuwerengerani. Limakupatsani pepala, ndipo kusandutsa pepalalo kukhala ndalama ndi mlandu winanso. Wogamulidwa akapanda kulipira, mumabwerera kukhoti kukapempha chilolezo choti masherifu akalande katundu wake n'kum'gulitsa pa okushoni. Ngati ali ndi ndalama ku banki, khoti lingalamule bankiyo kuzipereka kwa inu. Ngati ali pantchito yolembedwa, lingalamule bwana wake kumadula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Wantchito wa boma, mphunzitsi, mwini minibasi, mwini nyumba za lendi, onsewa n'ngogwirika. Waganyu wokhala m'nyumba ya lendi, mwini mphasa ndi wailesi, masherifu amangobwerako chimanjamanja, ndipo ndalama zoyendera mwalipira ndinu.

Munthu wochenjera akangolandira samani amayamba kusamutsa chuma: galimoto ilembedwa dzina la mkazi, ng'ombe zipita ku khola la mchimwene. Loya watcheru amapempha khoti msanga kuti liletse kugulitsa kapena kusamutsa katundu mlandu usanathe. Ndipo pamene wolakwa wabwera ndi ndalama yooneka, yochepera pa imene khoti lingagamule koma ili m'manja, musafulumire kuikana chifukwa cha mkwiyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Theka lolandira chaka chino nthawi zambiri limaposa chigamulo chonse chimene mudzachithamangitse zaka zisanu. Chenjeraninso ndi a mbali yanu yomwe. Madobadoba amene amazungulira m'mawodi a zipatala kulonjeza maloya amadya pa bala lanu, ndipo madandaulo a anthu amene loya wawo analandira ndalama n'kukhala chete si achilendo ku Malawi Law Society. Gwirizanani za malipiro a loya polemba mlandu usanayambe, ndipo mukamva kuti chigamulo chatuluka, pitani nokha ku ofesi ya khoti mukaone chiwerengero chake.

Nanga wolakwa akakhala kuti lero alibe kanthu, mawa n'kulemera? Zinachitika ku England. Iorworth Hoare anamangidwa moyo wonse mu 1989 chifukwa chofuna kugwiririra mayi wina mumzinda wa Leeds. Mayiyo sanasume, poti munthuyo analibe kanthu. Mu 2004, atam'lola kutuluka kwakanthawi, Hoare anagula tikiti ya lotale n'kupata mapaundi 7 miliyoni. Mayi uja atasuma anauzidwa kuti nthawi inatha kalekale, ndipo anachita kulimbana mpaka ku khoti lomaliza la dzikolo, limene mu 2008 linasintha kamasuliridwe ka lamulo kuti majaji azitha kuwonjezera nthawi pa milandu yotere. Kuno kwathu musadalire mwayi umenewo. Ngati wokuvulazaniyo ndi wachinyamata amene ali pasukulu, kapena woyembekezera chuma cha masiye, kusuma nthawi isanathe n'kukhala ndi chigamulo m'manja kumakupatsani poyambira tsiku limene adzapeze kanthu, ngakhale chigamulo nacho sichikhala ndi mphamvu mpaka kalekale.

Mayiko ena anaona kuti ambiri ovulaza anzawo sadzatha kulipira, n'kukhazikitsa thumba la boma. New Zealand inakhazikitsa lamulo lotere mu 1963, Britain inayamba mu 1964. Lero ku England, Scotland ndi Wales munthu wovulazidwa ndi chigawenga angalandire kuyambira mapaundi 1,000 mpaka 500,000, ngakhale wolakwayo asanagwidwe, malinga anakanena kupolisi msanga ndipo wapempha pasanathe zaka ziwiri. Amalawi okhazikika kumeneko ayenera kuidziwa njira imeneyi. Kuno thumba la aliyense lotere kulibe. Chimene tinayesapo chofanana nalo chinali National Compensation Tribunal, imene malamulo a 1994 anaikhazikitsa kuti ilipire anthu omangidwa popanda mlandu, ozunzidwa ndi olandidwa katundu mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Inapatsidwa zaka khumi, ndipo inatsekedwa mu 2004. Mu 2017 lipoti la Ombudsman Martha Chizuma linapeza kuti anthu masauzande amene analembetsa madandaulo awo anali asanalipidwe mokwanira, ndipo ambiri anali asanalandire kalikonse.